Mafumu awiri pamudzi umodzi: nkhani ya maseva athu atatu

Loweruka lapitali tinaweruka dzuwa litalowa, ine ndi mnyamata amene tamulandira pa ofesi kuti aphunzire ntchito. Ndi mwana wa ku Petauke, wochangamuka mutu, wangotsiriza kumene sukulu ya za makompyuta kuno ku Lusaka. Tinali kusamutsa maseva atatu, makompyuta amene amasunga ndi kuyendetsa mapulogalamu a kampani, kuchoka pa shelefu yakale kupita m'kabati yatsopano. Ali chogwada pansi, mawaya ali lendelende m'khosi ngati mikanda, anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Koma abwana, atatu onsewa ngachiyani? Si awiri akukwanira, ina ikafa inzake n'kupitiriza?"

Ndinaseka mpaka kukhala pa katoni. Maganizo omwewo ndinali nawo ine mu 2010, ndipo anandigoneka mu ofesi masiku awiri.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi cha ku mafakitale, msewu wopita ku Mumbwa. Dzina ndisiya, poti cholakwa chinali changa ndekha. Ndinaika maseva awiri osunga mabuku a malonda, ndipo pakati pawo ndinaikapo pulogalamu yotchedwa Heartbeat, ya gulu la Linux-HA lomwe Alan Robertson analitsogolera kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kagwiridwe kake nkosavuta kumva. Seva iliyonse imanong'oneza inzake kuti "ndilipo, ndilipo" pakangopita masekondi ochepa, ndipo yaing'ono ikaona kuti yaikulu yati zii, imatenga udindo. Zolembedwa pa disiki zinkakopedwa uku ndi uku ndi DRBD, yochokera ku Vienna. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndikuuza aliyense kuti pano seva singafe.

Kunong'onezana konseko kunkadutsa pa chingwe chimodzi chokha. Tsiku lina amayi osesa anakankha kabati kuti akolope kuseri, chingwe chija n'kuzuka. Seva yaikulu inali moyo bwinobwino, koma yaing'ono itasiya kuimva inadziveka ufumu. Yaikulu nayo inati mnzanga uja ndiye wamwalira, n'kupitiriza kulamulira. Malisiti a ogulitsa a kutsogolo ankapita ku imodzi, a ku nyumba yosungira katundu ku inzake. Palibe anazindikira mpaka madzulo, pamene amayi owerengera ndalama anabwera ndi mapepala awiri osagwirizana n'kuima pakhomo panga osanena kanthu. Matumba a fetereza omwewo anali atagulitsidwa kawiri. Vutoli anthu a ntchitoyi amalitcha split brain, kunena kuti bongo wagawanika pakati. Tinachezera ine ndi amayi aja, iwo akutchula manambala a malisiti, ine ndikulowetsa ndi manja. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira.

Mankhwala analipo kale, ine ndi amene sindinawerenge malangizo mpaka kumapeto. Oyamba ali ndi dzina loopsa, STONITH, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuwombera makina enawo m'mutu. Seva ikafuna kutenga udindo iyambe yazimitsa inzake ku magetsi, kuti itsimikize kuti yafadi. Nkhanza ndithu, koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Achiwiri ndi amene mnyamata wanga ankafunsa. Makina akakhala atatu, awiri amene akumvana ndiwo ali ndi mawu, ndipo amene wapezeka yekha amadziwa kuti ayenera kukhala pansi. Pacemaker, yomwe inaphukira mu Heartbeat cha m'ma 2008, pamodzi ndi Corosync, imawerenga mavoti motero isanalole wina kuvala chilemba cha ufumu.

Zotsalazo ndinamufotokozera tikumanga zomangira, moduladula. Pano ndizilembe mwadongosolo pang'ono.

Kale munthu wofuna kuwerengera zinthu zikuluzikulu ankagula kompyuta imodzi yaikulu, ya mtundu wa Cray, ya madola mamiliyoni. Mu 1994, ku Goddard, malo a NASA ku Maryland, Thomas Sterling ndi Donald Becker analumikiza makompyuta wamba 16 a purosesa ya 486, n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta yonse, imene panthawiyo inali ndi zaka zitatu zokha. Anaitcha Beowulf. Becker yemweyo ndi amene analemba madalaivala ambiri, timapulogalamu toyendetsa makhadi a netiweki, mu Linux, choncho aliyense wa ife amene analumikizapo kompyuta yakale pa netiweki anadya thukuta lake. Chaka chomwecho munatulukanso MPI, lamulo la momwe zidutswa za pulogalamu imodzi zingalankhulirane zili pa makina osiyana. Kuyambira apo yunivesite yopanda ndalama zambiri inkatha kudzimangira cluster yakeyake, ndiye kuti gulu la makompyuta ogwira ntchito ngati amodzi.

Makina akachuluka, anthu ofuna kuwagwiritsa ntchito amachuluka kuposa. Funso limakhala lakuti ayambe ndani.

Apa ndimakumbuka chigayo cha amalume ku Katete, cha dizilo, komwe ndinkathandiza pa tchuthi. Anthu ankabwera m'mamawa n'kuika matumba pamzere, eni ake ena n'kukhala pamthunzi, ena n'kupita kumsika. Amene ankalamula anali mkulu wina woyera ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka mapazi. Pakabwera wa ngolo yodzaza, iye ankamusungira malo, koma wangoloyo akabwerera kukatenga matumba otsala, mkulu uja sankalola chigayo kulira chabe. Ankaitana agogo a kandowa kamodzi kuti bwerani msanga, malinga chimanga chawo chithe ngolo isanafike. Patapita zaka ndinapeza nzeru yomweyo m'mabuku a makompyuta, ili ndi dzina loti backfill: ntchito yaikulu ikudikira kuti makina okwanira amasuke, tintchito ting'onoting'ono timalowa m'mipata, bola tithe nthawi ya yaikuluyo isanakwane. Kusiyana kwake nkwakuti pachigayo aliyense ankati "changa n'chochepa" ndipo ankakhululukidwa. Pa cluster ukanena kuti ntchito yako ndi ya ola limodzi, ola likakwana imadulidwa ngakhale itatsala pang'ono.

Akapitawo a mzere oterewa akhalapo ambiri. Condor inayamba mu 1988 ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison, pansi pa Miron Livny, ndipo nzeru yake inali yobwereka makompyuta a pa madesiki eni ake akachokapo. Mwini akabwerera n'kugwira kiyibodi, ntchito ija imasamuka. Lero imatchedwa HTCondor. PBS inalembedwera NASA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inabala OpenPBS ndi TORQUE. Akuluakulu amene zala zawo zimalemba zokha qsub, lamulo loikira ntchito pamzere, asanaganize anakulira m'nyumba imeneyo kapena ya Grid Engine, imene Sun Microsystems inatsegula kwa onse mu 2001. Oracle itagula Sun mu 2010, Grid Engine inabwerera kuseri kwa chitseko, koma popeza zolembedwa zakale zinali kale m'manja mwa anthu, ena anazitenga n'kupitiriza paokha, mpaka kutulutsa ina yotchedwa Son of Grid Engine. Ine ndipamene ndinamvetsa tanthauzo lenileni la open source, mapulogalamu amene zolembedwa zake aliyense angazione, kuzitenga ndi kuzisintha. Mwini angasinthe mtima, koma mbewu imene anagawa kale sangailande m'nkhokwe za anthu.

Amene anapambana mpikisano umenewu ndi Slurm, yomwe inayambira ku Lawrence Livermore ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ambiri mwa makompyuta a pa mndandanda wa TOP500, wa makompyuta 500 amphamvu kwambiri pa dziko lonse, amayendera iyo. Ndipo ndi iyo imene ndinaika mu 2016, mnzanga wina wofufuza za nyengo ndi mbewu atandipempha kuti timumangire kanthu ndi makompyuta asanu ndi atatu akale amene anagula pa okushoni. Taganizani, pulogalamu imodzimodzi yoyendetsa makina a mabiliyoni, ife tikuiika pa zitsulo zafumbi m'chipinda cha ku Kabwata, popanda kulipira ngwee.

Cluster imeneyo inandiphunzitsa kuti zovuta za kuno olemba malangizo sanazilote. Chaka chapitacho madzi anali atachepa ku Kariba, ndipo malaiti ankapita tsiku ndi tsiku. Akabwera, makina onse ankadzuka, koma ndikalemba sinfo, lamulo lofunsa Slurm momwe makina alili, ndinkapeza atatu kapena anayi ali down, kunena kuti sakulandira ntchito. Choyamba chinali chosavuta. Slurm, mwachibadwa chake, makina akazima mosayembekezeka siwakhulupirira mpaka munthu abwere kudzanena kuti ali bwino. Kumene magetsi sazima ndi nzeru yabwino, chifukwa makina ozima okha ali ndi matenda. Kwa ife kunali kungondiyendetsa pa minibasi kuchoka ku Chelstone. Ndinasintha mzere umodzi, ReturnToService kuuika pa 2, basi makina n'kumabwerera okha pa ntchito.

Chachiwiri chinandidya mutu sabata yathunthu. Makina awiri ankakanabe, ndipo m'malogi munali madandaulo a MUNGE, kapulogalamu kamene kamasaina mauthenga pakati pa makinawo kuti wakuba asalowerere. Chidindo chake chimakhala ndi nthawi, ndipo mawotchi akasiyana kwambiri uthenga umakanidwa. Nditalemba date, lamulo lofunsa tsiku, pa imodzi mwa makina aja, inandiuza chaka chimene mwana wanga woyamba anali asanabadwe. Kabatire kakang'ono ka pa mathabodi, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kanali katatha. Magetsi akazima wotchi inkabwerera kumbuyo, ndipo intaneti yoti ikonze nthawiyo inkachedwa kudzuka. Ndinapita ku Kamwala, ndinagula timabatire khumi, vuto la sabata lonse n'kuthera pomwepo. Mpaka lero m'chikwama changa simusowa kabatire kameneka.

Pali kusintha kwina kumene kunachitika m'mitu ya anthu, ndipo ine ndinachedwa nako. Maseva anga oyamba ndinkawapatsa maina a mitsinje: Luangwa, Kafue, Zambezi. Luangwa akadwala ndinkamudziwa matenda ake onse, ndinkamunyengerera usiku wonse. Koma Rocks, pulogalamu yomangira cluster imene inayamba mu 2000 ku San Diego, inkangotcha makina kuti compute-0-0, compute-0-1, kumapita choncho, ndipo imodzi ikavuta malangizo ake anali oti ifafanize uiikenso zonse mwatsopano kudzera pa netiweki. Ng'ombe za m'khola la atate zinali ndi maina ndipo iliyonse inkadziwika khalidwe lake. Nkhuku za mabuloila palibe amazitcha maina. Zinandiwawa kuvomereza kuti maseva ayenera kukhala mabuloila, koma munthu wa makina chikwi sangachitire mwina.

Amene anafika nako patali kuganiza kotere ndi Google. Iwo anali ndi pulogalamu yawo ya m'nyumba, Borg, imene anaifotokoza poyera mu 2015 itagwira kale ntchito zaka zoposa khumi. Borg sinagawidwe, koma zipatso zake zinagwera kunja kwa mpanda. Akatswiri a Google ndi amene anayambitsa cgroups, njira yopimira pulogalamu iliyonse gawo lake la purosesa ndi memore, ndipo inalowa mu Linux mu 2008. Ku Berkeley ophunzira anayamba Mesos, yogawira ntchito pa makina ambiri, mu 2009, Twitter n'kuitenga. Kenako mu 2013 Solomon Hykes anaonetsa Docker, ndipo mwadzidzidzi aliyense ankatha kulongedza pulogalamu ndi zonse zimene imafuna mu kontena imodzi, n'kuinyamula kupita nayo pa makina alionse. Makontena atachuluka panafunikanso kapitawo. Kubernetes inalengezedwa mu June 2014, yoyambitsidwa ndi Joe Beda, Brendan Burns ndi Craig McLuckie a ku Google, dzina lake la Chigiriki lotanthauza wogwira chiwongolero cha ngalawa. Mu July 2015 inafika pa 1.0 ndipo Google inaipereka ku bungwe latsopano la CNCF pansi pa Linux Foundation. Panali mpikisano ndi Mesos, Docker Swarm ndi Nomad, koma pofika 2017 Docker yomwe inalengeza kuti ilandira Kubernetes m'nyumba mwake.

Ine ndimaona kuti kuperekedwa ku bungwe kuja kunathandiza kuposa luso la pulogalamuyo. Makampani opikisana sakanamanga pa munda wa mnzawo, koma pa munda wa mudzi analolera. Amene anakhulupirira Nomad anaona mu 2023 kampani imene inaipanga, HashiCorp, ikusintha laisensi yake, nkhani ya Grid Engine ija kubweranso ndi malaya ena.

Chimene Kubernetes inasintha pa ntchito yanga ndi kalankhulidwe. Kale ndinkalamula: yatsa ichi pa makina awa, kenako icho pa makina awo. Tsopano ndimalemba m'fayilo momwe ndikufunira kuti zinthu zikhalire, mwachitsanzo kuti pulogalamu yolandira maoda ikhale ndi makope atatu nthawi zonse, ndipo iyo imangoyang'ana usana ndi usiku, ikapeza awiri imadzutsa lachitatu kulikonse kumene kuli malo. Zofuna zangazo zimasungidwa mu etcd, imene CoreOS inayamba mu 2013, ndipo etcd imasankha mtsogoleri wake ndi njira ya Raft, ya Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku Stanford. Mukayang'ana mkati mwa Raft mupezamo mavoti omwe aja. Pa atatu pafunika awiri. Zaka zonsezi, maina onsewa, tabwerera pa chingwe chimene amayi aja anazula.

Ndinene zoona, makampani ambiri amene ndawaona muno mu Lusaka safunika Kubernetes. Seva imodzi yabwino, ina yodikira, ndi kope la zonse losungidwa kwina limene munthu anayesapo kulibwezeretsa, zingawakwanire zaka. Koma achinyamata akufuna dzinalo lioneke pa CV, ndipo sindiwada, nanenso ndinali choncho ndi Heartbeat. Ife tinaitenga chifukwa tili ndi timapulogalamu tambiri ta makasitomala osiyanasiyana, ndipo tinasankha K3s, Kubernetes yopepuka, imene Rancher Labs inatulutsa mu 2019. Yonse ili m'fayilo imodzi yosafika mamegabaiti 100. Tinaikanso nkhokwe yathu ya makontena mu ofesi momwemo, chifukwa olemba zinthuzi amaganiza kuti kukoka magigabaiti pa intaneti ndi ngati kutunga madzi pa mpopi. Sanagulepo bandulo.

Ntchito zowerengera za mnzanga wa nyengo uja zikadali pa Slurm, ndipo sindingamusamutse. Chigayo ndi chigayo, sitolo ndi sitolo.

Mayeso enieni anabwera mu 2024. Mvula inakana, boma linalengeza chilala kukhala tsoka la dziko kumapeto kwa February, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika nyengo yotentha ife tinkaona malaiti maola atatu pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Apo ndinazindikira kuti mapulogalamu onsewa, kuyambira Heartbeat mpaka Kubernetes, anamangidwa poyembekezera imfa ya makina amodzi. Maliro a mudzi wonse tsiku limodzi sanawakonzekere kwenikweni. Mabatire a invata akatha, atatu onse ankagwa pamodzi, ndipo mavoti a anthu akufa sawerengedwa.

M'mawa wina ndinafika n'kupeza malaiti alipo, seva imodzi ikulira, koma cluster yonse ili duu. Imodziyo inali kudikira mnzake woti avote nayo, ndipo inali kuchita zolondola. Ziwiri zinazo zinali chigonere chifukwa mu BIOS yawo, mmene amaikamo malamulo a kadzukidwe ka makina, sindinasankhe zoti magetsi akabwera zidzidzuka zokha. Zaka 14 chichitikireni za fetereza zija, cholakwa chinali changanso. Ndinakonza, kenako ndinaika NUT, kapulogalamu kena kaulere kamene kamamvetsera UPS, bokosi la mabatire logwirizira makina magetsi akazima, kuti mabatire akatsala pang'ono makina azizima mwaulemu, disiki isanaonongeke. Abwana aakulu atatopa ndi dizilo wa jenereta anagula masola ndi mabatire a lithiamu, ndipo mpamene ndinayambanso kugona.

Kuzimazima kuja kunatichitirako chabwino chimodzi choseketsa. Ziphaso za chitetezo za mkati mwa cluster zimatha pakapita chaka, ndipo anthu ambiri kunja uko amadzidzimuka nazo tsiku limodzi zonse zitaima. K3s imazikonzanso yokha ikayatsidwa zitatsala pang'ono kutha. Ife amene tinkayatsa makina kawiri pa tsiku sitinalionepo vuto limenelo.

Titamaliza kumanga kabati Loweruka lija, ndinamuuza mnyamata uja kuti azule chingwe cha magetsi cha seva yapakati. Anandiyang'ana ngati ndamutuma kukaba.

"Abwana, mukunena zoona?"

"Zula, mphwanga. Loweruka madzulo ndi nthawi yake."

Anazula atatsinzina diso limodzi. Pa laputopu ndinali nditalemba kale kubectl get nodes, lamulo loonetsa momwe maseva alili, ndipo pasanathe mphindi imodzi seva ija inalembedwa NotReady, kunena kuti siili pa ntchito. Webusaiti ya kasitomala inali kutseguka bwinobwino pa foni yake, ankangoikoka ndi chala mobwerezabwereza kufuna kuigwira ikunama. Tinadikira mphindi zisanu, nthawi imene Kubernetes imapereka kuti mwina wodwalayo adzuka, kenako tinaona makontena akumera pa ziwiri zotsalazo limodzi ndi limodzi.

Anakhala chete, kenako dzanja lake linayamba kulowera ku chingwe chachiwiri.

"Nanga tikazula iyinso?"

Ndinamugwira pamkono. Ndinamuuza kuti abwezeretse yoyamba ija, atseke mawindo, tikagwire minibasi zisanathe pa siteshoni. Yachiwiriyo adzazula Lolemba m'mawa, iye mwini atatenga kope la etcd ndi kundionetsa kuti akudziwa kulibwezeretsa.